Ndinapita ku Mawira kukasambitsa maondo, ndabwerako ndi nkhani ya agogo

Ena mwakhala mukundifunsa kuti bwanji ndakhala chete masabata awiriwa. Sindinadwale ayi. Nditagulitsa soya ndi timatumba tanga ta mtedza ndinanyamuka kuno ku Chipasula kupita ku Nkhotakota, kwa mlongo wanga amene adakwatiwa kumeneko. Lero ndati ndikhale pansi ndikufotokozereni zimene ndaona. Nkhaniyi ndi yaitali, choncho amene data yanu ili pang'ono muyisunge mudzawerenge madzulo.

Chimene ndinawauza amayi akunyumba n'chakuti ndikukasambitsa maondo ku madzi otentha aja, poti nyengo yozizira ikafika maondo angawa amalira ngati chitseko chakale. Limenelo silinali bodza. Koma mumtima ndinali ndi zinanso ziwiri. Choyamba ndi nkhani imene agogo anga aakazi ankatiuza tili ana, yakuti mayi awo adagwidwa ali mtsikana n'kuwatengera ku Linga. Chachiwiri ndi mwana wanga wamkazi, wachiwiri kubadwa uja, amene wapeza munthu pa WhatsApp womulonjeza ntchito kunja kwa dziko lino. Zimenezi ndifikako kumapeto.

Ndinakwera minibasi m'mamawa mpaka ku depoti, kenako ina ya ku Salima. Mukatsika mapiri aja mumayamba kumva kutentha, jekete n'kuvula. Pa Salima tinakhotera kumpoto kutsata msewu wa M5 wa m'mbali mwa nyanja, kudutsa pa Benga, kenako pa mlatho wa Chia pamene anyamata amathamangira galimoto atanyamula nsomba m'manja. Ulendo wonse ndi wa makilomita pafupifupi 200, koma ndi kuima-ima kwa minibasi ndinafika dzuwa litapendeka.

Madzulo ake mlongo wanga anaphika kondowole, chambo chowotcha ndi chigwada chotendera. Inu akwathu amene simunadyepo kondowole, imeneyi ndi nsima ya ufa wa chinangwa chovviika, imanyunduka ngati phula, ndipo satafuna, amangomeza. Ine mbamu yoyamba ndinalimbana nayo mpaka adzukulu anaseka. M'mawa mwake kunabwera mpunga wa faya, fungo lake lomveka uli panja. Ndikuyamikira choncho, alamu anga anati, "Alamu, mukudziwa kuti mpunga mukudyawu unabwera ndi ndani? Ndi Jumbe yemweyo mukumufunafunayo." Supuni inayamba kulemera m'dzanja.

Tsono mbiri yake ili chonchi. Cha m'zaka za m'ma 1840 kudafika Mswahili wina wochokera kugombe la nyanja yamchere, dzina lake Salim bin Abdallah. Iyeyu adapempha malo kwa mafumu a Achewa a m'derali, kwa a Malengachanzi, n'kukhazikika. Dzina lakuti Jumbe ndi la udindo, m'Chiswahili ndi ngati kunena kuti mfumu. Adasankha malowa chifukwa pali doko labwino lobisika ku mphepo, ndipo zombo zamatanga zinkatha kuwoloka nyanja kupita kutsidya la kum'mawa. Anali ndi mfuti, nsalu ndi mikanda, zinthu zimene makolo athu analibe. Mudzi wake adauzinga ndi mpanda wolimba, n'chifukwa chake mpaka lero anthu amati ku Linga. Nthawi imeneyo Angoni ankathira nkhondo midzi ya Achewa, ndiye anthu ambiri ankathawira kwa Jumbe kukabisala. Mudziwo udakula mpaka kukhala umodzi mwa midzi ikuluikulu m'chigawo chino cha Africa. Azungu polemba ankati Kota Kota.

A Jumbe adalipo anayi otsatana. Ndiwo adalimbikitsa ulimi wa mpunga m'madambo a kumeneko kuti azidyetsa anthu awo ndi a maulendo, ndipo Chisilamu chidakhazikikanso nthawi yomweyo. Koma chuma chawo chenicheni chinali minyanga ya njovu ndi anthu. Akapolo ankachokera kumtunda kuno, mbali za Ntchisi, Dowa, Kasungu mpaka kutsidya kwa Luangwa ku Zambia. Ankawasonkhanitsa ku Linga, kuwalonga m'zombo, kuwaolotsa nyanja, kenako ulendo wapansi wa miyezi mpaka ku Kilwa, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Kuchoka apo ambiri ankawatengera kumsika wa ku Zanzibar. Amuna ankawamanga goli m'khosi, mtengo wamphanda uja, ena atasenza minyanga pamutu. Wofooka panjira sankamudikira.

Apa ndinene chinthu chimene kusukulu sadatiuze bwino. Ine ndidalekera Sitandade 6, ndipo m'kalasi tinkangomva kuti Aluya ankagwira anthu. Zoona, koma Jumbe sakadatha kuyenda yekha mudzi ndi mudzi. Panali mafumu ndi anthu akuda ngati ife amene ankamubweretsera anzawo posinthana ndi nsalu, mfuti ndi onga. Wina ankagulitsidwa chifukwa cha mlandu, wina chifukwa cha ngongole ya malume ake, wina chifukwa cha njala pakhomo.

Nkhani ya kwathu ndi yotero. Agogo ankati mayi awo sadagwidwe pankhondo ayi. Anali kamtsikana kosatha msinkhu, mbali za ku Ntchisi, ndipo tsiku lina wachibale wawo weniweni adawauza kuti, tiye undiperekeze kunyanja tikagule mchere, ukabwerako ndi nsalu yako yatsopano. Mwana wosavala bwino atamva za nsalu adanyamuka akusekerera. Atafika ku Linga wachibale uja adati dikira pano ndikubwera. Sadabwerenso. Agogo akafika pamenepa ankasiya kukamba, n'kuyamba kusonkhezera moto ngakhale moto ukuyaka bwinobwino. Ife ana tinkaona ngati nthano ya kalulu ndi fisi.

Tsiku lachiwiri alamu ananditengera ku mishoni ya Anglican kukaona mkuyu wotchuka uja, umene amati mtengo wa Livingstone. David Livingstone adafika kuderali koyamba mu 1861 akuyendera nyanja, ndipo adabweranso mu 1863. Pansi pa mtengo umenewu ndi pamene amati adakhala ndi Jumbe kumupempha kuti aleke kugulitsa anthu. Jumbe adamulandira bwino mlendoyo, koma malonda sadasiye. Livingstone yemweyo adalemba zimene adamva kwa kazembe wa Britain ku Zanzibar, zakuti akapolo okwana 19,000 ochokera kuno kudera la nyanja ankadutsa pa ofesi ya msonkho ya pachilumbacho chaka chilichonse. Tangoganizani, amenewo ndi okhawo amene adafika amoyo ndi kuwerengedwa. Ndinaima pansi pa mtengowo, mthunzi wake wozizira bwino, ana asukulu akudutsa akuseka, ine n'kumaganiza kuti kapena kamtsikana kaja kadakhalapo pompano kudikira munthu amene adati akubwera.

Malondawa adatha mochedwa. Mu 1889 Harry Johnston, amene pambuyo pake adadzakhala mkulu woyamba wa boma la atsamunda kuno, adachita pangano ndi Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, lakuti asiye za akapolo ndipo boma la Britain lizimupatsa ndalama chaka ndi chaka. Mu 1891 dziko lino lidalowa m'manja mwa Britain. Jumbe ameneyu adamwalira mu 1894, ndipo amene adalowa m'malo mwake sadakhalitse. Azungu adamuchotsa pampando n'kumutumiza ku Zanzibar, ufumu wa a Jumbe n'kuthera pomwepo. Ku Karonga nako Mlozi, amene ankachita malonda omwewa, adamugonjetsa ndi kumupachika mu December 1895. Musaganize kuti Johnston ankangochita chifundo. Iyenso ankafuna dziko, ndipo atalitenga adabweretsa msonkho wa nyumba, kenako makolo athu n'kudzalira ndi thangata. Koma zombo za akapolo zidaleka kuwoloka, chimenecho tisachikane.

Amishoni a UMCA, amene lero timati Anglican, adatsegula mishoni yawo kumeneko mu 1894. Ndinalowa m'tchalitchi cha All Saints, mmene mudaikidwa Bishopu Chauncy Maples. Iyeyu adamira panyanja mu September 1895 bwato lake litagubuduzika ndi mphepo, atangodzozedwa kumene kukhala bishopu wa Likoma. Sitima yakale ija yotchedwa Chauncy Maples dzina lake ndi la munthu ameneyu. Pafupi pomwepo pali chipatala cha St Anne's chimene chikuthandizabe anthu mpaka lero.

Nanga mayi a agogo aja zidawathera bwanji? Agogo ankati sadawaolotse nyanja chifukwa anali wamng'ono kwambiri, ndiye adawasunga pakhomo pa Mswahili wina kuti azitunga madzi ndi kuingitsa mbalame m'munda wa mpunga. Adakulira komweko. Zinthu zitasintha, adatsagana ndi anthu a ulendo opita kumtunda mpaka adapeza mudzi wakwawo. Adapeza mayi awo adamwalira kale, ndipo wachibale uja ali moyo, akukhala bwinobwino, anthu akumupatsa ulemu. Palibe mlandu udakambidwa. Adakhala mudzi umodzi mpaka imfa, koma akuti sadalandirepo chakudya kuchokera m'dzanja lake. Ndipo m'moyo wawo wonse sadadyenso mpunga. Ndikukumbuka agogo nawonso pa Khirisimasi ankatiphikira ife mpunga, iwo n'kudya nsima yawo. Tinkati ndi kusazolowera chabe. Ndazindikira ndili ndi imvi kuti ankasala m'malo mwa mayi awo.

Inu akumudzi musayambe kufunsana kuti wachibaleyo anali wa banja liti. Dzina agogo sadatiuze, ndipo ndikuona kuti adachita dala. Zidzukulu zake ndi ife tomwe, takwatirana, timaikana maliro.

Tsiku lachitatu ndiye tinapita ku Mawira, kum'mwera pang'ono kwa boma, ulendo waufupi pa kabaza. Dzinalo likuchokera ku kuwira. Madzi amatuluka pansi ali otentha, nthunzi ikufuka makamaka m'mamawa, ndipo pamene akutulukira penipeni sungasiyepo dzanja nthawi yaitali. Kumunsi kwake, kumene afundako pang'ono, ndi kumene anthu amasamba ndi kuchapa, amayi mbali yawo, abambo mbali yawo. Palibe nkhuni, palibe makala, palibe bilu ya magetsi. Ndinaganiza za mtengo wa thumba la makala kuno ku Lilongwe, ndinati anthu awa Mulungu adawakondera.

Mphunzitsi wina wopuma ntchito amene tinasamba naye anandifotokozera chifukwa chake. Akuti nyanja yathuyi ili m'chigwa chachikulu chimene chidapangika nthaka itang'ambika kalekale, chigwa chomwe chimapitirira mpaka ku Tanzania, Kenya ndi Ethiopia. Madzi amvula amalowa m'ming'alu ya miyala mpaka pansi kwambiri kumene miyala ndi yotentha, akatenthedwa amakwera n'kutulukira m'ming'alu ina. N'chifukwa chake akasupe otere amapezekanso ku Chiweta ku Rumphi ndi ku Liwonde, ndipo n'chifukwa chakenso kunyanja kumachitika zivomezi, monga chija cha ku Salima mu 1989 ndi za ku Karonga mu 2009. Za maondo musandifunse zambiri. Ndinaviika masiku awiri, ndinagona tulo tabwino, ululu unachepa. Koma nditakwera minibasi yobwerera, mawondo atapanikizika ndi thumba la usipa, anayambiranso nyimbo yawo. Madziwo amatonthoza, koma amene muli ndi nyamakazi musataye mankhwala akuchipatala.

Ndili m'madzimo ndinakumbuka kuti agogo ankatchula "madzi osaphika koma otentha" kumene mayi awo ankatumidwa kukachapa. Tinkaseka kuti agogo akunama, madzi angatenthe bwanji opanda moto? Sindinganene kuti ndi kasupe yemweyu, poti m'derali alipo angapo. Koma ndinadziwa tsiku limenelo kuti gogo uja sankapeka nkhani. Mawu a akulu akoma akagonera.

Nkhotakota ilinso ndi mbiri ina ya pafupi. Mu 1960, Dr Hastings Kamuzu Banda atatuluka kundende ya ku Gwelo mu April, chipani cha Malawi Congress chidachita msonkhano wake waukulu ku Kota Kota cha kumapeto kwa September. Kumeneko anthu adaonanso Masauko Chipembere ndi anzake amene anali atangotulutsidwa m'ndende, ndipo ndi pamsonkhano womwewo pamene Kamuzu adamupatsa utsogoleri wa chipani wa moyo wake wonse. Ufulu udabwera mu 1964, ndipo mu 1971 umuyaya uja udafika pa dziko lonse. Ife amene tidakula tikugula makadi a chipani tisanalowe mumsika tikudziwa kumene zidathera. Komanso kumadzulo kwa boma kuli nkhalango yosungirako nyama, kumene mtsinje wa Bua umadutsa, mtsinje wa nsomba ya mpasa. Njovu kumeneko zidatsala pang'ono kutha, mpaka mu 2016 ndi 2017 bungwe la African Parks lidasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete pa malole. Ndinaseka ndekha kuti malo amene kale minyanga inkatulukira pamitu ya akapolo, lero njovu zikulowa zitakwera galimoto.

Usiku womaliza tinakhala pakhonde ndi alamu. Iwo ndi Msilamu, ine wa CCAP, ndipo takhala pachibale zaka zoposa 20 osakanganapo za chipembedzo. Ndinawafunsa mosabisa kuti, "Alamu, inu mumamva bwanji anthu akamati makolo anu ndiwo ankagulitsa makolo athu?" Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Alamu, agogo anga aamuna adabadwira mu Linga, koma mayi awo adabwera ndi chingwe m'chiuno kuchokera ku Kasungu. Ndiye ine ndine mdzukulu wa wogula kapena wa wogulidwa? Kuno ambirife magazi ake ndi osakanizika choncho." Ndinasowa choyankha. Tinangotha mbale ya mpunga ija tonse awiri. Inde, ndinadya. Ndinaganiza kuti mpunga ulibe mlandu, ndipo amene akuulima lero ndi alimi osauka ngati ine ndemwe.

Tsono ndibwere pa mwana wanga. Munthu amene akulankhula naye sitinamuonepo nkhope. Akuti pasipoti akonza yekha, tikiti alipira yekha, ntchito ndi ya m'nyumba, malipiro ake ndi oti ine sindingawapeze ngakhale nditagulitsa soya wa zaka ziwiri. Mwanayo adakhoza Fomu 4, wakhala zaka zitatu pakhomo akugulitsa mandasi pamsewu, ndiye sindingamunene kuti ndi wopusa. Fetereza wakwera, ndalama yagwa mphamvu, ine bambo wake ndilibe choti ndimupatse. Koma mukukumbuka nkhani imene a BBC adaulutsa mu 2024, ya amayi ndi atsikana a ku Malawi amene adapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, atafika n'kulandidwa mapasipoti, kugwiritsidwa ntchito usana ndi usiku, ena kumenyedwa. Oposa 50 adachita kuwomboledwa kuti abwerere kwawo, ndipo wina adabwera m'bokosi. Ena mwa iwo amene adawakopa sanali mlendo, anali Mmalawi mnzawo wolankhula Chichewa chokoma. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindikunena kuti aliyense wopita kunja akukagulitsidwa. Tili ndi abale ku Johannesburg ndi ku Cape Town amene amanga nyumba zamalata kumudzi ndi thukuta lawo, ena mukuwerenga pompano. Makolo athunso ankapita ku Wenela ndi ku Salisbury. Koma nditabwerako ndinamukhazika pansi mwana wanga n'kumuuza nkhani ya kamtsikana kolonjezedwa nsalu, yonse, kwa nthawi yoyamba. Ndinamuuza kuti sindikumuletsa, pakuti ndi wamkulu, koma ndikupempha zinthu zinayi. Munthuyo abwere pakhomo pano masana timuone. Atiuze dzina la kampani yake ndi pamene pali ofesi, tipite limodzi ku ofesi ya zantchito tikafunse ngati akuidziwa. Pangano la ntchito lilembedwe papepala, wina wodziwa Chingerezi atiwerengere tisanasaine. Ndipo atipatse nambala ya mtsikana mmodzi yekha amene adamutumiza kale, tilankhule naye iyeyo pamodzi ndi makolo ake.

Mwanayo anakwiya, anati, "Ababa, inu mukufuna ndikalambire pa mandasi?" Masiku awiri sanandilankhule. Tsiku lachitatu ndinamuona akulemba uthenga, ndipo anandionetsa kuti watumiza mafunso anayi aja. Lero ndi tsiku lachisanu, uthengawo ukuonetsa kuti wawerengedwa, koma yankho palibe. Kaya abwera, kaya sabwera, tikudikira. Iye akuti mwina munthuyo watanganidwa. Ine sindikuyankha kanthu.

Pempho langa kwa inu ndi ili. Amene muli ndi agogo amoyo, afunseni nkhani za kale adakali ndi mpweya, mujambule ndi foni yomweyi mukuwerengerayi. Ine ndachedwa, ndatsala ndi zidutswa zokha. Inu a m'tauni amene mumapita kunyanja kukangodya chambo ndi kujambulitsa, mukafika ku Nkhotakota patukani mukaone mkuyu uja, mukasambe ku Mawira, ana muwauze chimene chinkachitika padoko limenelo. Ndipo ngati alipo pakati panu amene akudziwa malo a ntchito yoona, ngakhale ya m'sitolo kapena yosoka, ndiuzeni ku inbox, mwana wanga ndi wolimbikira.

Usipa ndabwera nawo wochepa, oyandikana nawo a kuno ku Chipasula bwerani ndi kambale msanamve kuti watha. Akumudzi, ndifika Loweruka likudzali kudzaona za manyowa, mundisungire thobwa. Tsalani bwino nonse.